Kugogoda kwa kumbuyo kwa Prado

Pa galaja ina m'mawa wina ndinamva bambo wina akuuza makaniko kuti angosintha mashoko onse akumbuyo a Prado yawo, poti ikugogoda pa mahampu komanso ikupepeluka pokhota. Mtima unandiwawa, mashoko si otchipa.

Makaniko sanapupulume. Anagona pansi pa galimoto n'kuuza mnyamata wake kuti aikankhe cham'mbali. Gu! gu! Atapana ndi chitsulo pa panhard rod, ndodo yopingasa ija yogwira akisulo kuti isamayendere uku ndi uku, bushi yake inali itang'ambika, labala ikuyoyoka ngati makala. Mashoko anali ouma bwinobwino, osadontha oyilo. Akanakhala kuti atha, galimoto ikanamapitiriza kunjanja itadutsa kale hampu.

Ndipo timalinki ta stabiliser tikatha timangoti kwetekwete pa msewu wafumbi, phokoso losiyana ndi kugogoda kolemera kwa bushi. Pa Fortuner nthawi zina ndi tayala la sipeya chabe lolendewera kunsi limene lakhwepa.

Bambo aja anayenda nayo Prado yawo choncho ana ali m'mbuyo, zikundivutabe.

Anzanga a magalimoto aakuluwa, yanu itayamba kulira kumbuyo munapeza chiyani?