Tayala la njinga sagula ngati mandasi

Ife a pamsika kusankha timakudziwa. Tomato timamutembenuza kuti tione ngati sanaphwanyike kunsi, usipa timaununkhiza, chitenje timachiunika padzuwa tisanatulutse ndalama. Koma tikafika pogula tayala la njinga, nzeru zonse zija zimathawa. Funso limatsala limodzi basi: "Lotchipa ndi liti?"

Inetu ndimakhala ku Chinsapo ndipo ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu wa Lilongwe. Njinga ndiyo minibasi yanga, ndiyonso lole yanga. Inu amene mumaoda katundu m'mamawa mukudziwa kuti wochedwa amatola zosiya anzake. Tayala likaphwa panjira 5 koloko ya m'mawa, okonza njinga amakhala akadali m'tulo. Ndalama ya chigamba si imene imawawa ayi. Chowawa n'chakuti geni ya tsiku lonse yapita, pamene tikiti ya msika udula ndithu, ana akudikira ufa, ndipo a banki m'khonde nkhani ya tayala saimva.

Wothamangira lotchipa sindimuda. Ngakhale mitengo ya mphira tili nayo ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, matayala ambiri a m'mashopu mwathu amachokera kunja, makamaka ku India ndi ku China. Kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodutsa pa boda chinakwera. Komabe abale anzanga, tayala lomata sabata ndi sabata lotchipa lili pati? Umalipira pang'onopang'ono ngati katapila.

Choyamba, werengani manambala a m'mbali mwa tayala lanu lakale musanapite kukagula. Mnzanga wina wa benchi loyandikana nane anangouza wogulitsa kuti akufuna "28". Atafika nalo kunyumba, tayala linakana kulowa pa limu, ndipo wogulitsa uja anati katundu wotuluka sabwerera. Chinachitika n'chiyani? Ma 28 alipo awiri. Njinga zathu zakuda zija za mtundu wa Humber, Phoenix ndi Hero zimavala 28 x 1 1/2, ndipo limu yake ndi mamilimita 635. Njinga zopepuka zamakono zimavala 700C, lomwe enanso amalitcha 28, koma limu yake ndi 622. Kusiyana kwake mamilimita 13 okha, koma lina silingalowe pa linzake. Ma 26 nawonso ndi chimodzimodzi: a mauntenibaiki ndi 559, pamene njinga zambiri za kaunjika zochokera ku Japan ndi 590. Mukaona polembedwa 40-635, nambala yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu. Ilembeni pachikhatho ngati mumaiwala.

Chachiwiri, ligwireni. Tsinani pakati, pamene pamaponda pansi, chala china mkati china kunja. Mukamva zala zanu zikufuna kupatsana moni, lisiyeni. Musanamizidwe ndi timabampu tikulutikulu ta pamwamba, chifukwa minga ya mthethe, tizidutswa ta mabotolo ndi mawaya zimalowera pakati pa timabamputo, pomwe mphira ndi wopyapyala. Pindaninso m'mbali mwake. Mukaona timing'alu, dziwani kuti lakhalitsa pa dzuwa ngakhale silinayendepo. Ndipo yendetsani dzanja pa waya wa m'mphepete, asakhale wopindika kapena wotulukira.

Chachitatu, funsani ngati lili ndi lamba woteteza mkati. Matayala ena amaikidwa nsalu yolimba pansi pa mphira. Ina mwa nsaluzi ndi Kevlar, ulusi womwe mayi Stephanie Kwolek anatulukira ku kampani ya DuPont ku America mu 1965, womwenso amapangira malaya oteteza ku zipolopolo. Ena amangowonjezera mphira: la Schwalbe Marathon Plus la kampani ya ku Germany lili ndi lamba wokhuthala mamilimita 5. Oterewa ndi odula ndipo sapezeka paliponse, koma nthawi zina amabwera atavala kale pa njinga za kaunjika, ndiye mukagula yotere musathamangire kuwataya. Njinga za Buffalo, zija kaliyala wake anapangidwira makilogalamu 100, nazonso zimabwera ndi matayala okhuthala. Koma walira mvula walira matope. Tayala lokhuthala limalemera, ndipo pachitunda miyendo imadziwa. Ine ndinasankha kutuluka thukuta ndikupalasa kusiyana n'kutuluka thukuta ndikukankha.

Anyamata okonda timatayala towonda ta njinga za mpikisano, imvani. Tija n'tabwino pa tala wosalala, munthu ali yekha wopanda katundu. Kwa ife a dengu kumbuyo ndi misewu ya maenje, sankhani lonenepa malinga likukwana osakhula foloko.

Tsopano nayi nkhani imene ogulitsa matayala sakuuzani. Ndinaimva kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, tsiku lina ndikudikira kuti andiwongolere masipoko. Kunabwera mnyamata wa kabaza akutukwana tayala lake latsopano, ati ndi lachinyengo. Mkulu uja anatulutsa chubu, n'kuchipopa, n'kuchiviika m'beseni la madzi. Thovu linatuluka pa timabowo tiwiri toyandikana.

"Achimwene, tayalali musalinamizire," anatero mkuluyo. "Apa palibe munga. Mpweya unachepa, inu mwanyamula munthu, mwagwa m'dzenje, limu yaluma chubu. Ngakhale mugule la ku Ulaya, mubweranso."

Kuyambira pamenepo chubu ndimachiwerenga ngati kalata. Bowo limodzi la kunja, ndiye munga kapena msomali, ndipo musanabwezere chubu papasani mkati mwa tayala mosamala, chifukwa kaminga kotsalira kabayanso musanafike patali. Mabowo awiri oyandikana, ndiye mpweya wochepa kapena katundu wopyola muyeso. Bowo la mbali yoyang'ana ku limu, ndiye mutu wa sipoko, ndipo mankhwala ake ndi lamba wokulunga pa limu, ngakhale wodula ku chubu chakale. Lamba wa Kevlar amateteza ku bowo loyamba lokhalo. Awiri enawo ali m'manja mwanu.

N'chifukwa chake ndimati wogula tayala labwino agulenso pampu. Chubu chimataya mpweya pang'onopang'ono ngakhale chisanabooke. Mlingo woyenera analemba m'mbali mwa tayala pamodzi ndi zilembo za PSI. Ngati mulibe choyezera, kwerani njinga katundu ali pomwepo, mnzanu ayang'ane la kumbuyo. Likaphwatalala m'mbali ngati chule, popani.

Nanga amene mpamba wawachepera atani? Gulani limodzi labwino, muliike kumbuyo, chifukwa ndiko kumakhala inu ndi katundu, ndiko kumabooka kawirikawiri, ndikonso kovuta kumasula. La kutsogolo likhale losang'ambika, poti likaphulika potsetsereka mugwa chamutu pamodzi ndi tomato wanu. Okonza njinga ena amadula mawaya a tayala lakutha n'kulilowetsa mkati mwa latsopano kuti likhale ngati chishango. Zimathandiza ndithu, koma awuzeni asalaze m'mphepete modulamo, apo ayi mudzadya chubu. Ndipo madzulo mukaweruka, zungulitsani gudumu n'kuzula timiyala ndi timagalasi tokanirira, chifukwa timalowa pang'onopang'ono, lero pang'ono mawa pang'ono.

Wogulitsa akamakufulumizitsani kuti anthu akudikira, musachite manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ifeyo makasitomala amatitembenuzira tomato mulu wonse n'kugula wa ndiwo imodzi, ndipo timapirira. Tayala likunyamulani inu, katundu ndi mpamba wanu miyezi yambirimbiri. Litsineni, lipindeni, werengani manambala, ndipo ndalama ituluke pomaliza.