Pa Beitbridge, pomwe pasipoti inachepa mphamvu

Inu a geni amene mumakaoda katundu ku Joni, njirayi mumaidziwa bwino. Basi ikanyamuka pa Wenela mu Blantyre, mudinditsa pa Mwanza ndi Zobue, muoloka Zambezi pa Tete, mulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenaka Harare, Masvingo, mpaka pa Beitbridge. Apa ndiye pali nkhani.

Beitbridge ndi malo otentha zedi, afumbi, milambe ili apo ndi apo. Pansi pa mlatho pali mtsinje wa Limpopo umene m'chilimwe umangotsala mchenga, ndipo kutsidya kuli tauni ya Musina. Mathiraki amandandalika mtunda wautali, osintha ndalama akuzungulira mabasi. Kale munthu ukakhala ndi pasipoti ndi ka ndalama kamthumba, umadutsa. Covid-19 itabwera zonsezo zinasintha.

Mu March 2020 dziko la South Africa linatseka zipata zake. Potsegula mu October chaka chomwecho, linalamula kuti aliyense wolowa aonetse chikalata chakuti wayezedwa ndipo alibe kachilombo, chosapitirira maola 72. Tangoganizani abale anzanga: basi yochoka ku Blantyre imadya pafupifupi masiku awiri pamsewu. Kungochedwa pamzere, chikalata chija chatha ntchito, ndalama ya mpamba yapita.

Atsizinamtole nawo anapezerapo geni yogulitsa zikalata zabodza, ndipo ena anagwidwa nazo paboda pomwepo. Chipwirikiti chitanyanya, pa 11 January 2021 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anatseka zipata 20 zapamtunda, kuphatikizapo Beitbridge, mpaka pa 15 February. Ma benchi ambiri mu Limbe ndi Lilongwe anakhala opanda katundu watsopano.

Kuno kwathu katemera woyamba wa AstraZeneca anafika mu March 2021. Ambiri anamuthawa, eti ndi 666. Mu May boma linaotcha katemera oposa 19,000 amene anatha mphamvu asanabayidwe. Koma mu March 2022 South Africa inanena kuti wobayitsa angoonetsa khadi lake basi, osayezetsanso. Ka khadi konyozeka kaja kanasanduka chiphaso, pomwe osabayitsa ankalipirabe zoyezetsa ulendo uliwonse.

Malamulo amenewa anachotsedwa mu June 2022, ndipo lero pa Beitbridge safunsanso za Covid-19. Komabe musati nkhani ya katemera inatha. Wochokera ku maiko monga Kenya, Uganda kapena DR Congo amafunsidwabe khadi lachikasu la yellow fever polowa mu South Africa. Mwayi wake ngwakuti chiyambire 2016 kubayitsa kamodzi n'kokwanira moyo wonse.

Tsono amayi ndi abambo, khadi la katemera musamafutsire nalo tomato. Lisungeni pamodzi ndi pasipoti, poti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mliri wina ukadzagwa, wa imigireshoni sadzamva zoti munaiwala kunyumba.