Habu iyi ndi ya motoka bwanji?

Ma trailer ambiri amene timaona mu Lusaka sanatuluke mu fakitale. Anawotcherera anyamata a mu komboni, ndipo mawilo ake amayendera zitsulo za motoka imene inafa kalekale. Ndiye habu ikayamba kulira, simungalowe mu shopu n'kunena kuti mukufuna habu ya trailer. Wogulitsa adzakufunsani kuti ndi ya motoka bwanji. Mwini wake, amene anagula kwa munthu amene nayenso anagula kwa wina, amangokanda mutu.

Ku wailesi kwathu tili ndi ka trailer kotere, konyamula masipika ndi jenereta tikamakaulutsira panja. Mwezi watha mastadi awiri anathyoka pa wilo la kumanzere. Pomasula tinapeza kuti bearing yadya spindle, chitsulo chimene habu imazungulirapo, mpaka chachita mizere ndi kuda ngati chapsa. Ntchito yosaka zina inagwera ine, poti volontiya sakana.

Kuwerenga mastadi sikokwanira, muyezenso. Corolla zakale ndi Vitz zili ndi mastadi 4 pa mamilimita 100, koma ziliko motoka zina za mastadi 4 pa 114.3. Noah ndi Mark II zili ndi 5 pa 114.3, pomwe Isuzu KB ili ndi 6 pa 139.7. Akakhala 4 kapena 6, yezani kuchokera pakati pa stadi imodzi kufika pakati pa inzake yoyang'anizana nayo. Akakhala 5 palibe yoyang'anizana, choncho nyamulani habuyo kapena rimu. Ine ndinaikulunga mu saka n'kukwera nayo basi, kondakita akundiyang'ana ngati ndaba.

Mastadi ndiwo amapusitsa kwambiri, chifukwa ndi maso amafanana. A Toyota ambiri ndi M12x1.5, a Nissan ndi M12x1.25. Nati yolakwika imalowa kawiri katatu n'kulimba, wina n'kuikakamiza ndi sipanala yoikako paipi, mazinga n'kutha. Palinso khosi la stadi, pamene pali timano togwira mu bowo la habu. Likachepa, stadi imazungulira pamodzi ndi nati, ndipo tsiku la pankicha mudzagona pamsewu. Ena amangowotcherera mutu wake kumbuyo kuti isazungulire. Izo ine sindigwirizana nazo.

Bearing yokha ndi imene siinama. Pukutani girisi, nambala ili m'mphepete mwake, monga 30205. Yamkati ndi yakunja nthawi zambiri zimasiyana, ndiye jambulani zonse pa foni, pamodzi ndi seal.

Pa spindle m'pamene panali mkangano. Wowotcherera wina anati adzaza mizereyo ndi welding, apale ndi grinder, mawa tiyende. Mtengo wake unali wokoma, ndipo anzanga ku wailesi anaukonda, poti ndalama zathu n'zosonkha. Koma bearing imafuna kukhala pa chitsulo chozungulira ndendende, ndipo dzanja la munthu ndi grinder silingafikepo. Ikakhala mopendekeka imatentha, n'kudyanso pomwepo. Wilo la trailer likachoka pa Great East Road silisankha kogwera, ndipo m'mbali mwa msewu umenewo mumayenda ana a sukulu.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wogulitsa zitsulo za motoka zophwasula. Anatembenuza habuyo kawiri, nalowetsa chala mkati, n'kunena kuti, "Mwana wanga, iyi ni ya kutsogolo kwa Hilux yakale, ya mastadi faifi." Anatulutsa spindle ndi habu zochokera pa motoka imodzi. Tinagulanso bearing, seal ndi split pin zatsopano, chifukwa msomali wopinda umene tinaupeza pa nati yaikulu sunali woyenera kubwererapo.

Manje pansi pa ka trailer kathu talembapo ndi penti yoyera: Hilux, 5x114.3, M12x1.5, ndi manambala a bearing zonse ziwiri.