Kugumuka ndi Kugumula: Zimene Ndinamva kwa Otsetsereka pa Chipale

Tikayamba kukambirana za mawu amene Chichewa chilibe, chipale chofewa sichichedwa kutchulidwa. Ena amati tizinena matalala monga anachitira omasulira Baibulo akale, ena amakonda chisanu, ena amangoti sinowo n'kupitiriza ulendo. Mkanganowu ndimaukonda, koma ndikuona kuti timauyambira pakati. Ife timafunafuna dzina limodzi la chinthu choyera chogwa kuchokera kumwamba, pamene anthu amene amakhala nacho miyezi yambiri pa chaka nkhawa yawo ili pa zimene chinthucho chimachita chikagwa kale.

Ndili pa sukulu ku Innsbruck, m'dziko la Austria, anzanga a m'kalasi ankanditenga pa tchuthi kupita nawo kumapiri a Tyrol. Iwo ankakwera ndi matabwa awo a ski kukatsetsereka kumalo opanda njira yosalazidwa. Ine ndinkatsalira kumene amaphunzirirako ana, ndipo madzulo ndinkakhala kumapeto kwa tebulo m'nyumba ya alendo, kabuku kali m'manja. Macheza awo sankasintha: chagwa chochuluka bwanji, mphepo yachokera kuti, ndi mbali iti ya phiri yaona dzuwa. Ankandikumbutsa alimi a kwathu mu Novembala, akamatsutsana ngati yagwayo ndi chizimalupsa chabe kapena ndi yobzalira.

Mawu anali ambiri. Pulverschnee ndi chipale chouma, chopepuka ngati ufa woyera, ndipo n'chimene aliyense wadzera. Harsch ndi nkhoko zolimba zimene zimapangika pamwamba, chipale chikasungunuka masana n'kuumanso usiku. Awa ankawatchula akuseka. Koma wina akangoti Triebschnee, chipale chimene mphepo yakokolola n'kukachiunjika kuseri kwa mtunda, kapena Schwimmschnee, timibulu tosagwirana tokhala pansi penipeni ngati shuga, makapu ankayamba kutsikira pa tebulo ndipo wina ankatambasula mapu.

Ndikudziwa kuti ena mwakumbukira kale nthano ija yoti a Inuit ali ndi mawu mazanamazana a chipale. Franz Boas mu 1911 anatchula anayi okha. Laura Martin mu 1986 ndi Geoffrey Pullum pambuyo pake anaonetsa mmene chiwerengerocho chinkafufumira pongobwerezedwa. Kuwerenga mawu ndi ntchito yosapindula. Chimene chinandigwira mtima pa tebulo lija n'chakuti liwu lililonse linali ndi chochita chake: limeneli pita, limeneli zungulira, limeneli bwerera.

Chifukwa chake n'chakuti chipale chimagona m'magawo, lina pamwamba pa linzake, ndipo gawo lililonse limasunga nyengo imene linagwera. Gawo logwirana likakhala pamwamba pa gawo lofooka, pa malo otsetsereka kuyambira madigiri 30 kupita m'mwamba, kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kuphwanya gawo lofookalo. Mng'alu umathamanga chammbali, ndipo chigamba chonse chimanyamuka pamodzi ngati thabwa. N'chifukwa chake m'Chijeremani amati Schneebrett, thabwa la chipale. Nthawi zina gawo lofookalo limatitimira pansi pa mapazi popanda kutsetsereka, n'kutulutsa phokoso lakuya. Akatswiri awo analipatsa dzina lakuti Wummgeräusch, ndipo ndinasangalala kupeza liwu lotsanzira phokoso m'zolemba za sayansi za anthu amene mabuku awo akale ankaona mawu athu onga "phu" ndi "gwa" ngati zachibwana.

Tsopano funso limene lili lathu: Lawine, kapena avalanche, tizimutcha chiyani? Mnzanga wina wa ku Mulanje sanachedwe kuyankha, anati napolo. Yankholi lili ndi mphamvu. Napolo ndi phiri lotsika ndi madzi, matope ndi miyala, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndi pa phiri la Soche mu 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Aliyense amene amva liwuli amadziwa kuti si zocheza. Ndipo zilipo ngozi za chipale zimene liwuli lingazikwane. Pa 23 February 1999, patadutsa masabata a chipale chambiri ndi mphepo, phiri linatsikira m'mudzi wa Galtür, ku Tyrol komweko, n'kupha anthu 31, ambiri ali m'nyumba ndi m'misewu ya m'mudzi.

Koma napolo timati wadutsa. Amabwera yekha, pa nthawi yake, ndipo m'chiganizo munthu amangokhala wochitidwa. Apa m'pamene ndikusiyana naye mnzangayo. Mwa otsetsereka amene amafa ndi chipale, pafupifupi asanu ndi anayi pa khumi alionse amakwiriridwa ndi chipale chimene achiyambitsa okha kapena wina wa m'gulu lawo. Anzanga aja akamva za ngozi, funso lawo loyamba linali lakuti, kodi chinatsika chokha kapena anachiyambitsa? Chichewa chili nako kale kusiyanitsa kumeneku, ndiponso mwachidule kuposa Chijeremani. Tili ndi kutseguka ndi kutsegula, kuthyoka ndi kuthyola, kugumuka ndi kugumula. Phatikizo limodzi likusintha yemwe ali ndi udindo. Za ku Galtür tinganene kuti chipale chinagumuka, ndipo dzina lakuti chigumukire likukwana. Za mnyamata wodutsa pa Triebschnee m'mawa wotsatira mphepo, choona n'chakuti anagumula chipale. Dzina lochokera ku mneni ameneyu, chigumula, linatengedwa kale ndi madzi a Nowa, choncho ine ndingasiye mneni kuti agwire yekha ntchito. Wowerenga chenjezo lakuti "mungagumule chipale" amadziona ali m'chiganizomo, ndipo amaganiza kawiri asanaponde.

Wina angati izi ndi zokometsera za ophunzira zinenero. Koma chipale chikakwirira munthu, nthawi imakhala yochepa kwambiri. Ofukulidwa m'mphindi pafupifupi 15 zoyamba ambiri amapulumuka. Ikadutsa theka la ola, ambiri amakhala atabanika. Helikopita kawirikawiri siifika pa nthawi imeneyo, choncho wokupulumutsa ndi yemwe unadya naye m'mawa. Aliyense amanyamula fosholo, ndodo yaitali yopinda yofufuzira, ndi kachipangizo ka pachifuwa kotumiza ndi kulandira chizindikiro pa 457 kHz. Mayi wina wachikulire woyang'anira nyumba ija ankaima pakhomo m'mawa n'kufunsa aliyense ngati wayatsa kachipangizo kake, kuphatikizapo ine amene sindinkapita kutali. Iwo ankati zida ndi za pamene macheza alephera.

Liwu limene limandivuta kwambiri si dzina la chipale ayi. Kuyambira mu 1993 mayiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito muyezo umodzi wa ngozi wa magawo asanu, ndipo mabungwe monga SLF ya ku Davos, ku Switzerland, amalengeza gawo la tsikulo. Gawo lachitatu m'Chijeremani ndi erheblich, m'Chingerezi considerable. Pa gawo lachinayi ndi lachisanu anthu ambiri amakhala pansi okha. Lachitatu lili pakati pa muyezo, limamveka ngati lopiririka, ndipo ku Switzerland pafupifupi theka la imfa zimachitika pa gawo limeneli. Womasulira wofulumira angalembe kuti "ngozi yapakatikati", n'kupha nako anthu, pakuti pakatikati m'Chichewa ndi pamene munthu amapumirapo. "Ngozi ndithu" ikuyandikira, chifukwa ndithu amatseka pakamwa pa wotsutsa, koma imasiya malo ochepa a magawo awiri apamwamba. "Ngozi yosapeputsa" ndi imene ndaima nayo pakadali pano.

Abale a ku Chipata ndi a ku Angónia, ndikufuna kumva ngati kugumuka ndi kugumula kwanu kumasiyana monga ndafotokozeramu, makamaka pokamba za gombe la mtsinje kapena chulu. Ndipo amene muli ku Joni ndipo munafikako ku Afriski, ku Lesotho, tiuzeni mmene Asotho amachenjezerana za chipale m'chinenero chawo.