Ku Nyimba kuli mashifiti awiri: wa usana ndi wa usiku

Ngati muli ndi weekend yaulele mwezi wa November, kwerani basi pa Intercity, mugwire Great East Road. Mukafika pa Luangwa Bridge, musathamangire nsomba yokazinga chabe. Yang'anani kumtsinje.

Mudzaona kambalame ka mawanga akuda ndi oyera, kamlomo kutalika ngati mkondo. Pachizungu amati pied kingfisher. Kamaima m'mwamba pamalo amodzi, mapiko phiriphiri, maso pamadzi, kenaka chubwi! Kakatuluka, kansomba kali pakamwa. Nyumba yake ndi una umene kamakumba pagombe, ndipo mazira kamaikira momwemo. Uyu ndiye wa shifiti ya usana.

Manje pitirizani ulendo, mudutse Kacholola, mulowe dziko la Ansenga kwa Mfumu Ndake. Gulani nthochi za pa Nyimba, mugone komweko. Dzuwa likalowa, khalani pafupi ndi mtengo wa mango: wa shifiti ya usiku wafika. Ndi mleme wodya zipatso, wa ubweya wachikasu, nkhope ngati kagalu. Ali ndi mapiko koma si mbalame iyai. Amabereka mwana mmodzi n'kumuyamwitsa. Chakudya amachipeza ndi maso ndi mphuno: mango, masuku, nkhuyu. Mtundu womwewu ndiwo umasonkhana mamiliyoni ku Kasanka National Park kuyambira kumapeto kwa October mpaka December, azungu n'kumalipira madola kukaona.

Koma ife kwathu, kingfisher timamujambula pa foni, mleme timamulasa ndi malegeni, ati ngwa mfiti. Zoona? Mleme akadya chipatso amakataya njere patali, pamenepo pamera mtengo. Amabzala nkhalango popanda malipiro.

Pobwerera, werengani masaka a malasha m'mbali mwa msewu kuchokera ku Nyimba mpaka pa bridge. Ambiri apita ku Lusaka, mumbaula zathu ku Matero ndi ku Kanyama. Mitengo ikatha, mleme asowa chakudya ndi pogona. Mvula imakokolola dothi kulowetsa mumtsinje, madzi ada, ndipo kingfisher amene amasaka ndi maso sangaone nsomba. Wina akawonjeza kuwedza ndi moskito neti, ndiye basi, ngakhale yokazinga ya pa bridge idzadula.

Awiriwa sakumana, koma mtengo umodzi ukagwa onse alira. Pitani mukawaone. Ndipo mphwanu akatenga malegeni madzulo, muuzeni aleke wantchito agwire shifiti yake.