Kuŵala kwa Kumpoto pa Zisumbu za Shetland

Mu August 2024 tinali alendo pa zisumbu za Shetland, kumpoto kwenikweni kwa Scotland. Tinakwera sitima yapamadzi ku Aberdeen madzulo, ndipo kunacha tili ku Lerwick.

Kumeneko m'mwezi wa June usiku suda ai. Dzuŵa limangobisala pang'ono, ndipo thambo limakhala ngati la m'bandakucha kufikira litatulukanso. Chifukwa chake kuŵala kwa kumpoto, kumene eni dziko amakutcha Mirrie Dancers, sikuoneka nyengo imeneyo. Mdima umayamba kubwerera mu August.

Tsiku lina mkulu amene anatisunga anatidzutsa pakati pa usiku natitengera kugombe loyang'ana kumpoto. Kunena zoona, tinagwa mphwayi. Kumwamba kunali kanthu kotuŵa chabe, konga utsi wa lupsa lakutali. Koma mkuluyo anaimika kamera pa miyendo yake itatu, natsegula diso lake kwa masekondi 10 osaikhudza. Poona chithunzicho tinagwira pakamwa: m'munsi munali mobiriŵira, ndipo pamwamba panaima mizati yofiira.

Nafenso tinayesa ndi foni yathu, koma manja ankanjenjemera ndi chisanu, ndipo chithunzi chinatuluka chosokonezeka. Titaikhazika pa mpanda wamiyala ndi kusiya kuigwira, mitundu ija inaoneka.

Kodi kuŵala kumeneku kumachokera kuti? Dzuŵa limaponya tinthu tating'onoting'ono m'mlengalenga. Mphamvu ya maginito ya dziko lapansi imatikokera chakumpoto ndi chakummwera, kumene timagundana ndi mpweya. Mpweya wa okosijeni umaŵala mobiriŵira pa mtunda woposa makilomita 100, ndipo pamwamba pa makilomita 200 umaŵala mofiira. Ukali wa dzuŵa umakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11, ndipo chaka cha 2024 chinali cha ukali waukulu. Diso la munthu silizindikira bwino mitundu mumdima, pamene kamera imasonkhanitsa kuŵala pang'onopang'ono monga mbiya yolandira madzi a padenga.

Titabwerera kwathu tinaonetsa chithunzicho kwa ana a m'kalasi mwathu. Mtsikana wina anaimika dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi zimenezi munaziona ndi maso anu?" Kuvomera kukanakhala kosavuta, pakuti mboni zinatsala kutsidya kwa nyanja. Tinazengereza pang'ono, kenaka tinamuuza kuti maso athu anaona utsi wotuŵa basi, ndi kuti mitunduyo inaliko ndithu koma inagwidwa ndi kamera. Ena anakhumudwa, koma mtsikanayo anafunsanso chifukwa chake, ndipo phunziro la tsiku limenelo linayambira pomwepo.

Makolo ndi achinyamata, masiku ano zithunzi zachuluka m'mafoni mwathu. Poonetsa chithunzi tizinena mmene chinajambulidwira, ndipo poonetsedwa tisachite manyazi kufunsa monga anafunsira mwana uja.