Womasulira wa m'laputopu

Sukulu imene tinakachitako teaching practice, kuseri kwa phiri la Ntchisi, ili ndi kakompyuta kamodzi ka Raspberry Pi, kochepa ngati sopo wosambira. Tinalonjeza ana a Fomu 2 kuti tiikamo pulogalamu ya mafunso a masamu mayeso a JCE asanafike. Holide itakwana, ahedi anakatsekera m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba. Sitikuwadandaula, n'kokhako.

Tinabwerera kwathu ku Mponela ndi laputopu yokha, ndipo apa m'pamene panagona vuto. Purosesa ya laputopu yathu ndi ya Intel, ya Raspberry Pi ndi ya ARM, ndipo ziwirizi sizimvana chilankhulo. Pulogalamu yomangidwira imodzi, inayo imaikana.

Mnzathu wina amene anaphunzira zamakompyuta ku Dzaleka ndiye anatiuza za QEMU, imene Fabrice Bellard anaitulutsa mu 2003. Pa Linux, ukatsegula fayilo ya ARM, imaperekedwa kwa QEMU, ndipo iyo imatembenuza malangizowo pang'onopang'ono kukhala omveka kwa Intel. Tinakopera Raspberry Pi OS pa intaneti, bandulo n'kuthera pomwepo, ndipo tinayamba kumanga pulogalamuyo m'kati mwake, laputopu ikudziyesa kakompyuta kali m'kabati ku Ntchisi.

Amene munakhalapo pa msonkhano wa misasa, mlaliki akulankhula Chingerezi, wina akumasulira, mukudziwa mmene zimakhalira: uthenga umafika wonse, koma nsima imazizira. Tinayamba Lachisanu masana tikuganiza kuti ndi ntchito ya kanthawi. Dzuwa linafika pamwamba pa mitengo ya bulugama mizere ikuyendabe.

Tinatsutsana. Ena ankati makina si munthu, tingoisiya igwire yokha. Wamng'ono mwa ife anakumbutsa kuti lamulo lachinayi limapumitsa ndi ziweto zomwe, komanso kuti tikaisiya, mitima yathu ikhala pa laputopu ulaliki wonse. Chachiwirichi ndiye chinatigonjetsa. Tinaimitsa, n'kupitiriza Sabata litatuluka.

Sukulu itatsegulidwa, pulogalamu ija inayaka ulendo woyamba womwe. Tinatsala pang'ono kuimba. Kenaka kalasi yonse inaunjikana pa sikirini imodzi, akumbuyo atakwera pa madesiki, ndipo zilembo zimene zinkaoneka bwino tili pa mphasa ku Mponela sankaziona. Batire la sola linatha gulu lachitatu lisanakhudze kiyibodi. Mtsikana wina wa gululo anatifunsa ngati dzina lake likhale loyamba mawa, ndipo tinalilemba pa bolodi ndi choko.